Momwe sukulu ingasungire zinsinsi za ophunzira pa foni ndi pa kompyuta

Sukulu iliyonse kuno ku Zomba, kaya ndi ya m'tauni kaya ya ku Mayaka, Jali kapena Chingale, imadziwa zambiri za mwana: dzina, tsiku lobadwa, mudzi ndi mfumu yake, nambala ya foni ya kholo, malikisi, ndipo nthawi zina matenda ake ndi umasiye wake. Kale zonsezi zinkakhala m'kaundula wotsekeredwa m'kabati ya mphunzitsi wamkulu. Lero zili m'mafoni a aphunzitsi, m'mafulashi ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo zikatayika, kawirikawiri chochititsa chimakhala chizolowezi chathu chotumizirana zinthu mwamsangamsanga tisanaganize kuti zikafika kwa yani.

Nkhaniyi ndi ya lamulo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu aliyense, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira kasungidwe ka zokhudza anthu. Popeza mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ophunzira ambiri, ngakhale ena a Fomu 4, akadali m'manja mwa kholo kapena wowayang'anira, ndipo ameneyo ndiye woyenera kufunsidwa chilolezo.

Yambani ndi kalembera. Mphunzitsi wamkulu akhale pansi ndi aphunzitsi ake teremu ikangoyamba, ndipo alembe zimene sukulu ikusunga, kumene zili ndi amene amaziona. Pamenepo mudzapeza mndandanda wa ana olandira thandizo la fizi m'foni ya mphunzitsi amene anasamutsidwa kalekale, kapena malikisi a zaka zapitazo pa kompyuta imene aliyense amatsegula. Zimene sizikufunikanso zifufutidwe, ndipo pa fomu yolembera ana atsopano pasakhale funso limene sukulu sidzagwiritsa ntchito yankho lake.

Gulu la WhatsApp la makolo ndilo lofunika kuliyang'anitsitsa kwambiri. N'lothandiza polengeza za msonkhano, tsiku lotsegulira sukulu ndi ntchito yachitukuko, koma si malo oikapo chithunzi cha pepala la malikisi a kalasi yonse kapena mayina a ana amene sanamalize kulipira. Kholo limodzi likangotumiza pepalalo ku gulu la kutchalitchi kapena la kumudzi, mwana amene walephera amadziwika mpaka kumsika, ndipo manyazi otere amachititsa ana ena kujomba kapena kusiyiratu sukulu. Zotsatira za mwana zipite kwa kholo lake lokha. Nkhani za mwana amene akumwa ma ARV, mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka, kapena mwana wochitidwa nkhanza zisalembedwe n'komwe pa gulu lililonse, ngakhale la aphunzitsi okhaokha. Zimenezi zikambidwe pamaso ndi anthu ochepa amene akumuthandiza mwanayo, monga mphunzitsi wopereka uphungu ndi amayi a mother group. Ine ndimalangizanso kuti otumiza mauthenga pa gulu la makolo akhale oyang'anira gulu okha, ndipo kholo limene mwana wake wachoka pasukulupo lichotsedwe mwaulemu.

Nyengo yolembetsa mayeso a PSLCE, JCE ndi MSCE ku MANEB, bungwe limene likulu lake lili konkuno ku Zomba, imafuna chisamaliro chapadera chifukwa kulembetsaku kumachitika pa intaneti. Sukulu imene ilibe kompyuta imakakamizika kupita kumalo otayipitsa ndi kusindikizira. Mukapita kumeneko, khalani pomwepo mpaka ntchito ithe, lowetsani nokha pasiwedi ya sukulu, tulukani mu akaunti mukamaliza, ndipo onetsetsani kuti mayina ndi zithunzi za ana zafufutidwa pa kompyutayo ndiponso m'bini yake, momwe zofufutidwa zimatsalira. Mapepala osindikizidwa molakwika muwatenge n'kukawatentha, chifukwa akatsala amakathera kwa ogulitsa mandasi.

Foni iliyonse yosunga zokhudza ophunzira ikhale ndi nambala yotsekera imene abale a kunyumba sakuidziwa. Mphunzitsi akasamutsidwa, pasiwedi imene ankaidziwa isinthidwe tsiku lomwelo.

Zipangizo zatsopano zikubwerabe. Pulogalamu ya boma ya BEFIT, imene inayamba mu 2023, ikupereka matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuti aphunzire kuwerenga ndi masamu, ndipo matabuletiwo ndi a ntchito imeneyo basi, osati ojambulira ana kapena kupita nawo kunyumba. Kuwonjezera apo, mabungwe ndi makampani amafika pasukulu ndi mapulogalamu amene amati ndi aulere, komanso ochita kafukufuku amabwera ndi mafunso awo. Musanapereke dzina la mwana ngakhale mmodzi, pemphani kalata yowaloleza yochokera ku ofesi ya maphunziro, dziwitsani PEA wanu (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lanu), ndipo afunseni alendowo kuti akutenga chiyani, akachisunga kuti, adzachiona ndani ndiponso adzachifufuta liti. Mayankho awo akhale olembedwa. Kenako komiti ya sukulu ndi PTA ziitane makolo, ziwafotokozere m'chilankhulo chimene akumva bwino, ndipo kholo limene lakana lisaumirizidwe, komanso mwana wake asachotsedwe pa phunziro chifukwa cha kukanako. Chimodzimodzinso ndi zithunzi zoika pa Facebook ya sukulu: chilolezo chiyambe, ndipo dzina lonse la mwana lisalembedwe pansi pa chithunzi chake.

Zikachitika kuti foni yabedwa kapena mndandanda wapita kolakwika, musabise. Lembani zimene zatayika ndi tsiku lake, sinthani mapasiwedi, dziwitsani makolo okhudzidwa ndi PEA, ndipo nkhaniyo ikakhala yaikulu ifike ku MACRA. Ngati kutayikako kwaika mwana pachiopsezo cha nkhanza kapena kuopsezedwa, kanenedwe kupolisi mwamsanga, kapena imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116.