Musanawonjezere mota pa thirakitala yamagetsi

Thirakitala ya Elec-Trak, yomwe kampani ya General Electric inayamba kupanga ku Scotia, New York, mu 1969, nthawi zambiri imayendera mabatire 6 a mavoti 6, olumikizidwa mondondozana kuti onse pamodzi apereke mavoti 36. Chipangizo chilichonse chomangirirapo chomwe chimazungulira chimabwera ndi mota yake. Chotchetchera udzu chakutsogolo chili ndi mota zitatu, mpeni uliwonse yakeyake. Mukafuna kuwonjezera chotipulira nthaka kapena mpope wamadzi, dziwani kuti mota zonsezi zikutunga pachitsime chimodzi.

Yambani ndi masamu. Mota ya mawati 1,000 pa mavoti 36 imakoka ma ampu pafupifupi 28, ndipo pongoyamba kuzungulira imakoka kuposa pamenepo kangapo. Mukaphatikiza ndi mota yoyendetsa matayala mutha kufika ma ampu 60. Mabatire a 220 Ah (muyeso wa mphamvu yomwe batire imasunga) sayenera kutsitsidwa kupyola theka ngati mukufuna akhalitse, choncho yembekezani ntchito yosakwana maola awiri.

Cholakwa chomwe chimapha mabatire msanga n'chakuti munthu wapeza mota ya mavoti 12, n'kuilumikiza pa mabatire awiri okha. Awiriwo amatha mphamvu anzawo akadali nayo, ndipo potchaja salingananso: ena amadzaza mopyola, awiri aja osakhuta. Pakapita miyezi amafa, n'kufooketsa onse. Gulani mota ya mavoti 36. Ngati ndi nyali kapena kampope kakang'ono, ikani converter yotsitsa mavoti kuchoka pa 36 kufika pa 12, yotenga pa mabatire onse.

Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, osati pafupi ndi mota, chifukwa waya akakhuzika n'kugunda chitsulo, mabatire amenewa amamusungunula nthawi yomweyo. Pa mota ya ma ampu 28, waya wa 10 mm² ndi fyuzi ya ma ampu 40 yosafulumira kupsa n'zokwanira. Swichi ya m'nyumba musaiyese n'komwe. Inapangidwira magetsi a AC, ndipo pa DC, omwe ndi magetsi a batire, lawi lodumpha pozimitsa limapsereza zitsulo zake mpaka kumatirirana, mota n'kukana kuzima. Gwiritsani ntchito contactor (swichi yamphamvu yoyatsidwa ndi magetsi ochepa) ya DC ya mavoti 36 yotha kukhala yoyaka nthawi yaitali. Solenoid, swichi yotere ya sitata ya galimoto, imapirira masekondi ochepa chabe, kenaka imapsa. Waya woyatsa contactor adutse pa swichi ya pansi pa mpando, kuti woyendetsa akatsika mipeni iime.

Liwiro nalo n'lofunika. Mota zambiri za DC zimazungulira cha m'ma 3,000 pa mphindi, pomwe mano a chotipulira amafuna cha m'ma 200 mpaka 250. Muyenera kuchepetsa liwirolo pafupifupi ka 12 mpaka 15, ndipo lamba mmodzi sangathe: phatikizani lamba ndi tcheni, kapena ikani giyabokosi. Pule ziyang'anizane bwino monga pa chigayo, apo ayi lamba amadyeka mbali imodzi. Mota ya mtundu wa series (yomwe makoyilo ake amkati ndi olumikizidwa mondondozana) musaiyatse ilibe katundu, pakuti imathamanga mopyola mpaka kudziwononga. Iyi ilumikizeni ndi tcheni kapena magiya, osati lamba yemwe angaduke.

Mukayesa koyamba, limani mphindi 10, zimitsani, kenaka gwirani polumikizira paliponse. Pamene pakutentha ndi pomwe pali polekera kapena dzimbiri. Palani ndi sandipepa, mangitsani nati, muyesenso.