Kaphikidwe ka chimanga ndi laimu kapena phulusa, monga ankachitira Amaya ndi Aaziteki

Chimanga chinayambira ku Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Chinafika ku Africa ndi Apwitikizi pambuyo pa chaka cha 1500, koma luso lochikonza linatsalira kwawo. Amaya ndi Aaziteki, anthu akale a ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, nthawi zambiri sankachipera chouma. Ankayamba achiwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa, kenako n'kuchipera chili chonyowa. Chimanga chophikidwa motere amachitcha nixtamal, kuchokera ku mawu a chinenero cha Aaziteki, Nahuatl, akuti nextli, phulusa, ndi tamalli, phala lolimba loumbika la chimanga.

Phindu lake ndi lalikulu. Mu chimanga muli vitamini B3, koma womangika moti thupi limalephera kumutenga. Laimu amammasula, amawonjezera kashiamu, ndiponso amachepetsako poizoni wa chuku. Kumene anthu anadalira chimanga popanda lusoli kunabuka pelagra, nthenda yothetheka khungu, kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu. Inavuta ku Spain ndi ku Italy m'zaka za m'ma 1700, ndipo inagwira anthu zikwizikwi m'misasa ya othawa nkhondo ya ku Mozambique kuno ku Malawi mu 1989 ndi 1990.

Pa kilogalamu imodzi ya chimanga pamafunika magalamu 10 a laimu, pafupifupi supuni yaikulu imodzi, ndi malita 3 a madzi. Chimangacho chikhale chosakonola, chouma bwino, chopetedwa, chopanda chowola kapena chofumbwa. Mbewu ya m'sitolo yopakidwa mankhwala a mtundu musaiyandikize n'komwe.

Pa laimu ndi pamene ambiri amaphonya. Wofunika ndi calcium hydroxide woyeretsedwa kuti alowe m'chakudya. Laimu wothira m'munda ndi mwala wopera chabe, sachita kanthu pa chimanga ngakhale mutathira wochuluka. Wopaka nyumba angakhale ndi zosakaniza zoipa. Laimu wabwinoyo amawotcha maso ndipo amaumitsa khungu, choncho takasani ndi mthiko, osati dzanja.

Mukamusowa, phulusa limagwira ntchito yomweyo, ndipo amene amadziwa kutcheza chidulo cha therere ali kale pakati pa njira. Tengani phulusa la nkhuni zolimba, lopanda pulasitiki kapena matabwa opentedwa, mulisefe, mutcheze chidulo champhamvu n'kuphikiramo chimangacho. Phulusa limasiyana ukali malinga ndi mtengo, ndiye muyeso wake ndi maso anu: chimanga choyera chizisanduka chachikasu pakangopita mphindi zochepa chili pamoto. Chikapanda kusintha mtundu, onjezani chidulo.

Poto wa aluminiyamu ayi. Laimu amamudya, amadetsa chimanga n'kuchipatsa kafungo ka chitsulo. Mphika wadothi ndiwo ankagwiritsa ntchito eni ake, ndipo poto wa chitsulo chosachita dzimbiri amachitanso bwino.

Sungunulani laimu m'madziwo mpaka aoneke ngati mkaka wosukuluka, tenthetsani, kenako thirani chimanga chotsuka. Bernardino de Sahagún, wansembe wa ku Spain amene analemba miyambo ya Aaziteki m'zaka za m'ma 1500, anafotokoza kuti amayi ankayamba auzira mpweya wa m'kamwa pa chimanga asanachithire mumphika, kuti chisaope moto. Akaona njere zamwazika pansi ankazitola msanga, poopa kuti zikawadandaulira kwa mulungu n'kubweretsa njala. Kwa iwo chimanga chinali chamoyo, ndipo chinali ndi milungu yake: Xilonen wa chimanga chanthete, Chicomecoatl ndi Centeotl a chokhwima.

Moto ukhale wapakati, madzi azingonyemphera osati kubwadamuka. Chimanga cha haibulidi chofewa chimafuna mphindi 20 mpaka 30, cha makolo cholimba chija chingafike mphindi 45 kapena ola. Musadalire wotchi yokha. Vuulani njere imodzi, muitsuke, muifikise pakati pa zala: khungu lake lizisupuka mosavuta. Mukailuma, kunja kukhale kofewa koma pakati pakhale poyera ndi pouma ngati choko. Ikafewa mpaka mkati ndiye kuti mwapyoza, ndipo phala lake lidzamata m'manja ngati ulimbo, losatheka kuumba.

Phulani, vundikirani, chigone m'madzi omwewo maola 8 mpaka 16. Ku Mexico ndi ku Guatemala amaphika madzulo n'kudzapera m'mamawa. Usikuwo ndi pamene laimu amalowerera mpaka mkati mwa njere, choncho osafupikitsa.

Kukacha khuthulani madzi achikasuwo kutali ndi ndiwo za m'dimba ndi ziweto, chifukwa ndi aukali. Tsukani chimanga kawiri kapena katatu mukufikisa ndi manja. Osachitsuka mpaka kuyera mbee: timakungu totsalira tija ndi timene timagwirizitsa phala. Koma mukatsuka mosakwanira, chakudya chimawawa n'kumamveka sopo. Kuwawa komweko pamodzi ndi chikasu chodera kumasonyezanso kuti laimu anachuluka.

Kupera ndiyo ntchito yolemetsa. Aaziteki ankagwiritsa ntchito metlatl, mphero ya mwala wa chiphalaphala, mayi atagwada, ndipo zinkatenga maola angapo tsiku lililonse. Nkhani ya Amaya a mtundu wa K'iche' yotchedwa Popol Vuh imati milungu italephera kupanga anthu ndi dothi komanso ndi mitengo, agogo aakazi Xmucane anapera chimanga choyera ndi chachikasu kasanu ndi kanayi, ndipo phala limenelo ndilo linakhala mnofu wa anthu oyamba. Kasanu ndi kanayi n'kwambiri, koma kamodzi sikakwana. Pa mphero kapena pa kamakina kopukusa nyama bwerezani katatu, mukuwaza madzi pang'onopang'ono. Mumtondo zimathekanso ngati musinja pang'onopang'ono. Kuchigayo musapite nacho chonyowa, chimatseka sefa. Ngati mukufuna ufa, chiyanikeni pamkeka mpaka chiume gwa, kenako mukagayitse. Ufa umenewo mukaukanda ndi madzi ofunda umabwerera kukhala phala loumbika.

Phala lakonzeka mukaumba kampira n'kukapsinja, m'mphepete mwake osang'ambika. Likang'ambika, laumitsa kapena silinaperedwe mokwanira. Likamata, lisiyeni kanthawi losavundikira.

Pophika tlaxcalli, chakudya chopyapyala chokhala ngati chapati chimene Asipanishi anachitcha tortilla, umbani timipira ta magalamu 30, tochepera pang'ono dzira la nkhuku. Ikani kamodzi pakati pa mapepala awiri apulasitiki n'kupsinja ndi mbale yosalala kunsi mpaka kapyapyale mamilimita 2. Chiwaya chikhale chotentha kwambiri, chopanda mafuta. Cha Aaziteki chinali chadothi, comalli, ndipo ankachipaka madzi a laimu kuti chakudya chisamatirire. Mbali yoyamba masekondi 30, tembenuzani, mphindi imodzi, tembenuzaninso. Apa chiyenera kufufuma ndi nthunzi. Chikakana kufufuma, chiwaya chazirala kapena munachedwa kutembenuza koyamba. Zopsa kale muzizikulunga m'kansalu kuti zifewe. Phala lotsala limasasa pasanathe tsiku nyengo yotentha.

Phala lomweli, lokulungidwa m'makoko a chimanga n'kuphikidwa ndi nthunzi kwa ola limodzi, limatchedwanso tamalli, chakudya cha pa maphwando ndi nsembe. Kamodzi pa zaka 8 zilizonse Aaziteki ankachita mwambo wa Atamalcualiztli, pamene kwa masiku angapo ankadya tamalli wamadzi okha, wopanda laimu, mchere kapena tsabola. Ankati chimanga chatopa ndi kuzunzidwa ndi zinthu zimenezi, chiyenera kupuma kuti chibadwenso chatsopano.