Kampani ikamagula masheya ake omwe, yang'anani mtengo musanaombe m'manja

Amene muli ndi masheya m'kampani, kaya munagula nokha kapena ndalama zanu za penshoni ndi zimene zinalowa kumeneko, tsiku lina mudzamva kuti kampaniyo ikufuna kugula masheya ake omwe. Pa Chingerezi amati buyback. Nkhaniyi imalengezedwa ngati mphatso kwa eni masheya, ndipo mtengo wa sheya kawirikawiri umakwerako tsiku lomwelo. Ine ndikupemphani kuti mutenge kaye pensulo ndi pepala.

Tinene kuti kampani ili ndi masheya 1,000 ndipo pachaka imapeza phindu la K1,000,000. Sheya iliyonse yabala K1,000. Inu muli ndi masheya 10. Kampani ikatenga ndalama zake n'kugula masheya 200 kwa amene akufuna kutuluka, n'kuwafafaniza, atsala 800. Phindu likakhalabe K1,000,000, sheya iliyonse tsopano ikubala K1,250. Simunawonjezere tambala, koma gawo lanu lakula, chifukwa odya pa mbale imodzi achepa. Amene ali mu banki mkhonde amazidziwa izi: membala akatuluka n'kupatsidwa zake, otsala amagawana chiwongoladzanja anthu ochepa.

Komatu kampaniyo sinagulitse katundu wochuluka kuposa chaka chatha. Sinatsegule fakitale ina. Ndalama zatuluka m'thumba mwake, ndipo funso lonse lagona pa mtengo umene yalipira otulukawo.

Tibwerere ku pepala lija. Ngati chuma chenicheni cha kampani ndi K10,000,000, sheya imodzi ndi K10,000. Msika ukakhala kuti wainyoza kampaniyo moti sheya ikugulitsidwa K8,000, kugula 200 kudya K1,600,000. Zatsala K8,400,000, kugawa kwa masheya 800, iliyonse yafika K10,500. Otsala mwapindula. Koma msika ukatentha, sheya n'kufika K15,000, kugula 200 omwewo kudya K3,000,000. Zatsala K7,000,000, ndipo sheya yanu yatsika kufika K8,750. Amene wagulitsa wapita ndi zanu. Chodabwitsa n'chakuti m'malipoti a kampani, phindu la sheya iliyonse lidzaoneka lokwera mofanana m'njira zonse ziwirizi, K1,250 yomweyo. Ndiye musakhutire ndi nambala imeneyo yokha.

Warren Buffett wa kampani ya Berkshire Hathaway ku America anachita kuika malire. Mu 2011 kampani yake inalengeza kuti igula masheya ake pokhapokha mtengo usapitirire 110 peresenti ya chuma cholembedwa m'mabuku, ndipo mu 2012 inakweza malirewo kufika 120 peresenti. Kwa zaka zingapo sinagule kwenikweni, ngakhale ndalama zinali mbwee, chifukwa mtengo unali pamwamba. Mabodi ambiri oyendetsa makampani alibe mtima wodikira chotero. Amagula kwambiri zinthu zikamayenda bwino, ndalama zili zambiri m'thumba, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwenso masheya amakhala okwera mtengo. Msika ukagwa, masheya n'kutsika, amasiya kugula poopa njala. Zili ngati wogula chimanga mu Febuluwale n'kukana kugula mu Meyi.

Chitsanzo chapafupi nafe ndi Naspers ya ku South Africa ndi kampani yake ina yotchedwa Prosus. Naspers inagula gawo m'kampani ya ku China ya Tencent mu 2001 ndi madola 32 miliyoni, ndipo gawolo linakula mpaka kuposa mtengo umene msika unkaipatsa Naspers yonse. Mu Juni 2022 analengeza kuti azigulitsa masheya a Tencent pang'onopang'ono, ndalamazo n'kumagulira masheya awo omwe. Apa nzeru yake ikuoneka: akugulitsa chinthu pa mtengo wake wonse n'kugula china chimene msika ukuchigulitsa motchipa.

Chachiwiri choti mufufuze ndi kumene ndalama zogulirazo zachokera. Zikhale zotsala kampani italipira antchito, itakonza makina, itabweza ngongole zoyenera, itasungako za tsiku la mavuto. Apple inalengeza mu Meyi 2024 kuti yapatula madola 110 biliyoni ogulira masheya ake, koma iyo imapeza phindu la pafupifupi madola 100 biliyoni pachaka, choncho siikudya mbewu. Boeing, yopanga ndege, inawononga madola oposa 40 biliyoni pa masheya ake pakati pa 2013 ndi 2019. Ndege zake za 737 MAX zinagwa kawiri, ya Lion Air mu Okutobala 2018 ndi ya Ethiopian Airlines mu Malichi 2019 itangonyamuka ku Addis Ababa, ndipo anthu 346 anafa pa ngozi ziwirizi. Ndegezo zinaletsedwa kuuluka, kenako Covid-19 inafika. Mu 2020 Boeing inakakongola madola 25 biliyoni nthawi imodzi. Sindikunena kuti kugula masheya ndi kumene kunagwetsa ndege. Ndikunena kuti tsiku la mavuto litafika, nkhokwe inali itapungulidwa kale. Sitolo za ku America za Bed Bath & Beyond zinaposa pamenepo: madola oposa 11 biliyoni analowa m'masheya ake kuyambira 2004, malonda akucheperachepera, ndipo mu Epulo 2023 kampaniyo inagwa. Amene anagwiritsitsa masheya mpaka mapeto sanatolepo kanthu.

Tsegulani lipoti la pachaka, muone ngati ngongole zakwera m'chaka chomwe kampani yagula masheya. Zikakwera limodzi, ndiye kuti akukongola kuti alipire otuluka, ndipo ngongoleyo yatsalira inu.

Ochita kafukufuku sagwirizana pa nkhaniyi, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Mu 1995 David Ikenberry, Josef Lakonishok ndi Theo Vermaelen anaunika makampani a ku America amene analengeza zogula masheya m'zaka za m'ma 1980. Anapeza kuti pa zaka 4 zotsatira masheya awo anachita bwino kuposa a makampani ofanana nawo ndi pafupifupi 12 peresenti, ndipo phindu lalikulu linali kwa makampani amene masheya awo anali otchipa poyamba. Ndi nkhani ya mtengo yomwe ija. Mu 2014 William Lazonick analemba m'magazini ya Harvard Business Review kuti makampani 449 akuluakulu a ku America, kuyambira 2003 mpaka 2012, anaika 54 peresenti ya phindu lawo pogula masheya awo ndi 37 peresenti pa madividendi, ndalama za phindu zimene kampani imagawira eni masheya. Zotsala zokulitsira ntchito ndi kukweza malipiro zinali zochepa kwambiri. Iye analoza chala mabwana, amene malipiro awo ambiri amabwera ngati masheya.

Pamenepa mpoyenera kuimapo. Ngati bonasi ya bwana imadalira phindu la sheya iliyonse, mwaona kale pa pepala lathu kuti nambalayo angaikweze osagulitsa ngakhale sopo mmodzi wowonjezera. Palinso china. Makampani ambiri amapatsa mabwana ndi antchito masheya atsopano chaka ndi chaka, kenako n'kugula ena pamsika kuti chiwerengero chisakwere. Dzanja lamanja likutola, lamanzere likumwaza. Njira yodziwira ndi yosavuta: lembani chiwerengero cha masheya onse a kampani chaka chino, ndi cha zaka zisanu zapitazo. Ngati awononga mabiliyoni koma chiwerengero sichinatsike, ndalamazo zinali malipiro a mabwana ovala dzina lina. Funsaninso ngati masheya ogulidwawo afafanizidwa kapena angosungidwa, chifukwa osungidwa atha kubwereranso pamsika.

Kale mchitidwewu unkaonedwa ngati wokayikitsa. Ku Britain khoti lalikulu linaletsa mu 1887 pa mlandu wa Trevor ndi Whitworth, poteteza amene kampani ili nawo ngongole, ndipo lamulo linadzalola mu 1981. Ku America bungwe loyang'anira msika la SEC linakhazikitsa lamulo la 10b-18 mu 1982, lakuti kampani siimbidwa mlandu wosokoneza mitengo ikatsata malire ena, monga kusagula kupitirira kota ya masheya amene amagulitsidwa pa tsiku. Kuyambira Januwale 2023 boma la America limadulapo msonkho wa 1 peresenti. Ku South Africa lamulo la makampani la 2008 limafuna kuti bodi itsimikize kuti kampani idzathabe kulipira ngongole zake ikatha kugula.

Dziwaninso kuti kulengeza si kugula. Bodi ikanena kuti yapatula ndalama zakuti, yangopatsidwa chilolezo, ndipo itha kugula theka kapena osagula n'komwe. Chilolezocho m'maiko ambiri chimapemphedwa kwa inu eni masheya pa msonkhano waukulu wa pachaka. Musangokweza dzanja chifukwa oyandikana nanu akweza. Funsani kuti agula mpaka pa mtengo wanji, ndalama zichokera kuti, ndipo dividendi ikhudzidwa bwanji. Kwa munthu wopuma pantchito amene amadalira dividendi kugulira feteleza, kukula kwa gawo papepala sikulowa m'thumba mpaka atagulitsako masheya, ndipo pogulitsa broka, amene amakugulitsirani masheya pamsika, amadyapo yake.

Nthawi zina kampani sipita kumsika koma imakulemberani kalata kuti ikugulani pa mtengo wakuti, kawirikawiri wokwererapo pang'ono. Simukakamizidwa. Yerekezani mtengowo ndi madividendi amene mumalandira, muone ngati ndalamazo muli ndi pena pabwino poziika. Chenjerani makamaka amene muli ndi masheya pa msika wa Johannesburg osafika 100. Kumeneko kampani imaloledwa kugula timasheya tochepa totere pofuna kuchepetsa ndalama zosungira mayina, ndipo amene sanayankhe kalata amatengedwa ngati wavomera kugulitsa. Ngati munasamuka kapena munasintha nambala ya foni ndi imelo, dziwitsani broka wanu kapena ofesi yosunga kaundula wa masheya mwezi uno, kalatayo isakagwere ku adiresi yakale.