Kukopa Njuchi ndi Tizilombo Tothandiza M'dimba la Pakhomo

Maungu akamachita maluwa ambiri koma tizipatso tikumafota ndi kuyoyoka tisanakule, alimi ambiri amaganiza kuti nthaka yaguga, pamene nthawi zambiri vuto limakhala kuchepa kwa njuchi. Dzungu limakhala ndi maluwa aamuna ndi aakazi padera pa chomera chimodzi, ndipo duwa lalikazi limadziwika ndi kadzungu kakang'ono komwe kamakhala kunsi kwake. Maluwawa amatseguka m'mamawa n'kufota dzuwa likakwera, kotero ngati njuchi sinabweretse mungu m'maola ochepawo, kadzunguko kamasanduka kachikasu n'kugwa. N'chimodzimodzinso ndi nkhaka ndi mavwende, pomwe magalagadeya amadalira kwambiri mabemberezi.

Choyamba, onetsetsani kuti m'dimba muli maluwa pafupifupi chaka chonse. Dzalani mpendadzuwa, chitowe kapena nandolo m'malire, ndipo musazule mpiru ndi repu yense akakhwima. Siyani mbewu zingapo zichite maluwa, chifukwa maluwa ake achikasu amakopa njuchi ndi mavu ang'onoang'ono amene amaikira mazira m'matupi a mbozi ndi nsabwe za m'masamba. Mu Okutobala ndi Novembala, kukatentha kwambiri, ikani madzi m'mbale yosazama ndi kuthiramo timiyala kuti njuchi zizitera osamira, koma muzisintha madziwo pafupipafupi kuti udzudzu usaswanemo.

Pamene pamafunika kusamala kwambiri ndi pa mankhwala. Cypermethrin sasankha: amapha mbozi, njuchi, chiswamphika ndi tizilombo tozungulira tofiira ta madontho akuda timene timadya nsabwe. Ana a tizilombo tofiirati ndi otalikirapo, akuda okhala ndi mawanga achikasu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amawapha powayesa owononga mbewu. Musanapopere, tembenuzani masamba muone ngati adani a nsabwe afika kale, chifukwa akakhalapo ndi bwino kudikira masiku angapo. Ngati kupopera sikungapeweke, chitani madzulo njuchi zitabwerera kumng'oma, mphepo itadekha, ndipo musapopere maluwa otseguka. Ngakhale mankhwala a nimu ndi ombwe apoperedwe madzulo.

Musatenthe udzu ndi zinyalala zonse zozungulira dimba, ndiponso musiye zipika zouma zingapo pakona, popeza mabemberezi amaboola mitengo youma n'kuswaniramo. Njuchi zikadali zochepa, thyolani duwa lalimuna la dzungu m'mamawa, chotsani timasamba take, kenaka mukhudzitse mungu wake pakati pa duwa lalikazi.