Momwe mphunzitsi wa sayansi angakhalire wofufuza wa ku yunivesite

Poyambira pake ndi digiri ya Bachelor of Education ya sayansi, monga ya ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University. Ngati muli ndi dipuloma ya ku Domasi College of Education, kwezani kaye maphunziro. Kenako pakufunika Master's, ndipo amene akulakalaka udindo wa pulofesa sangazembe PhD ndi mapepala osindikizidwa m'magazini a kafukufuku.

Ambiri amagwera pa mutu wa kafukufuku. Mutu ngati "mavuto a kaphunzitsidwe ka sayansi m'Malawi" ngwaukulu kwambiri, simungaumalize. Tengani malipoti a MANEB a omwe amatsogolera kuchonga mayeso a MSCE, muone funso limene ana amalephera chaka ndi chaka, ndipo mulifufuze lokhalo. Mu Physics, ana ambiri amakhulupirira kuti magetsi amathera mu babu, choncho obwerera ku batire amakhala ochepa. Mu Biology amati chomera chimadya dothi, ngakhale ataloweza bwinobwino za photosynthesis. Palinso nkhani ya chilankhulo: mwana amaganiza m'Chichewa kapena m'Chitumbuka koma amalemba mayeso m'Chingerezi. Mutu umodzi mwa iyi ungakukwanireni mpaka PhD.

Mukasankha, konzani mafunso 15 kapena 20, lililonse la magawo awiri. Gawo loyamba mwana asankhe yankho, lachiwiri anene chifukwa chake. Gawo lachiwirili ndiye mwini nkhani, pakuti mwana akhoza kulasa yankho mongoyerekeza koma chifukwa chake n'kukhala cholakwika. Yesani kaye mafunsowo pa sukulu ina yomwe siili m'kafukufuku wanu. Kumeneko ndi komwe mudzaone ngati ana akupunthwa pa mawu a Chingerezi, osati pa sayansi.

Musanalowe m'kalasi, pezani chilolezo cha komiti yoona za umunthu pa kafukufuku ya ku yunivesite yanu kapena ya pansi pa National Commission for Science and Technology. Kenako kalata ya ofesi ya maphunziro ya chigawo, ya mphunzitsi wamkulu, ndi chilolezo cha makolo a ana osakwana zaka 18. Mukayamba opanda zimenezi, magazini odalirika adzakana pepala lanu.

Ngati mukuyesa njira yatsopano yophunzitsira, monga kulumikiza mabatire, mawaya ndi mababu a tochi pa CDSS yopanda labotale, khalani ndi makalasi awiri ofanana. Onse alembe mayeso poyamba ndi pomaliza, koma njira yatsopanoyo ilowe m'kalasi limodzi lokha. Popanda kalasi lofanizira, simungadziwe ngati ana akhoza chifukwa cha njirayo kapena chifukwa chongoona mafunsowo kachiwiri. Pewaninso teremu yachitatu kwa a Fomu 4, mitima imakhala ili pa mayeso.

Zotsatira zikatuluka, zitumizeni ku msonkhano wa pachaka wa SAARMSTE, bungwe la ofufuza za kaphunzitsidwe ka masamu, sayansi ndi luso kuno kumwera kwa Africa, lomwe lilinso ndi magazini yake. Chenjerani ndi magazini okutumizirani imelo kuti mulipire ndipo pepala lituluka sabata yomweyo. Makomiti okweza anthu pa ntchito sawerengera mapepala otere. Tsegulaninso nambala ya ORCID, yozindikiritsa wofufuza aliyense pa intaneti, yomwe ndi yaulere, ndipo dzina lanu muzililemba mofanana pa pepala lililonse kuti ntchito zanu zisamwazikane pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti lopezerapo mapepala a kafukufuku.