Sabata yoyamba ya Sitandade 1: anawo adziwane kaye

Aphunzitsi, sukulu ikatsegulidwa musathamangire silabasi. Ana ambiri olowa kumene amalira chifukwa sadziwa aliyense m'kalasimo.

Agaweni m'magulu a ana 6 mpaka 8, mosakaniza midzi, anyamata ndi atsikana. Mukawalola kusankhana okha, mwana wobwera kumene kapena wovala zigamba amatsala yekha pakona. M'mawa uliwonse patulani mphindi 10 kuti gulu lililonse liziimba mayina a anzawo likuwomba m'manja.

Gulu lililonse mulipatse mkulu mmodzi wa Sitandade 7 woperekeza anawo kuchimbudzi, kumjigo ndi pamzere wa phala. Akuluwo muziwayang'anitsitsa, paja ena amasanduka mabwana n'kumalanda tiana mandasi.

Dzina lachipongwe lithetseni tsiku lomwe mwalimva. Likagona sabata limamatirira mpaka Sitandade 8.