Kuika RouterOS Yatsopano pa Rauta ya MikroTik Popanda Kuiwononga

M'malo ambiri ogona alendo ku Senga Bay, m'maofesi a pa boma la Salima, ngakhalenso m'masukulu amene ali ndi chipinda cha makompyuta, intaneti imadutsa m'kabokosi ka MikroTik kotchedwa rauta, kamene kanapachikidwa pakhoma tsiku loyamba, ndipo chiyambire palibe amene anakakhudzanso kupatula kukazimitsa ndi kukayatsa netiweki ikavuta. Kabokosika ndi kompyuta ndithu, ndipo kali ndi pulogalamu yokayendetsa yotchedwa RouterOS, yolembedwa ndi kampani ya MikroTik ya mumzinda wa Riga ku Latvia. Pulogalamuyi imakalamba. M'chaka cha 2018 kunapezeka mpata m'njira imene Winbox, pulogalamu ya pa kompyuta yosinthira masetingi a rauta, imalowera mu rauta, pa poti 8291, umene munthu wakunja ankatha kudutsirapo ndi kuwerenga mayina ndi mapasiwedi a eni rauta popanda kupemphedwa chilolezo. Mpatawo unatsekedwa mu April chaka chomwecho ndi RouterOS 6.42.1, komabe rauta imene sinalandire pulogalamu yatsopano idakali ndi chitseko chosatseka mpaka lero.

Kuika pulogalamu yatsopano kumatenga mphindi zochepa chabe. Nthawi yambiri imathera pa kukonzekera, ndipo ine ndimaona kuti pamenepo ndi pamene ntchitoyi imapindulira kapena kuonongekera.

Choyamba ndi magetsi. Rauta ikamalemba pulogalamu yatsopano m'kati mwake, magetsi akangozima imatsala ndi theka la zakale ndi theka la zatsopano, ndipo ikhoza kukana kudzukanso. Choncho ilumikizeni ku UPS (kabokosi ka batire kopereka moto magetsi akazima) kapena ku inveta ya sola imene batire yake yadzaza, ndipo laputopu yanu ikhalenso ndi moto wokwanira. M'nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka March, musayambe ntchitoyi mitambo itachita bii kunyanja ndipo mabingu akumveka. Sankhaninso nthawi imene anthu sakudalira intaneti: pa malo ogona alendo ndi m'mawa alendo atapita kugombe, pa ofesi ndi Loweruka.

Chachiwiri, khalani pafupi ndi rauta, mutailumikiza ku laputopu ndi chingwe cha netiweki osati Wi-Fi. Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Tsiku lina ndinakweza pulogalamu ya rauta ya pa malo ena ku Nkhotakota ndili khale ku Salima, rauta inazima monga mwa dongosolo koma sinabwererenso pa intaneti, ndipo m'mawa mwake ndinakwera minibasi pa msewu wa M5 ulendo wa makilomita opitirira 100 kukakonza chinthu chimene chikanatha pa mphindi zisanu ndikanakhala pomwepo.

Mukatsegula Winbox, lowani pogwiritsa ntchito adiresi ya rauta, imene pa masetingi a ku fakitale imakhala 192.168.88.1, kapena isankheni pa mndandanda wa Neighbors. Tsegulani New Terminal ndi kulemba /system resource print. Pa zimene zituluke, lembani papepala zinthu zitatu: version, imene ndi nambala ya RouterOS yomwe ilipo panopa, architecture-name, umene ndi mtundu wa purosesa, ndi free-hdd-space, amene ndi malo otsala osungiramo mafayilo. Mtundu wa purosesa ndi wofunika kwambiri chifukwa fayilo ya mtundu wina siigwira pa rauta ya mtundu wina: hAP lite ndi smips, hEX RB750Gr3 ndi mmips, pamene hAP ac2 ndi arm. Marauta atatu onsewa ali ndi malo osungiramo a 16 MB okha, kotero ngati mu Files mwadzaza mafayilo akale, muyambe mwawakopera ku laputopu ndi kuwafufuta.

Tsopano sungani masetingi, ndipo muwasunge m'njira ziwiri pakuti njirazi sizigwira ntchito imodzi. Lamulo lakuti /system backup save name=salima limapanga fayilo yothera ndi .backup, imene imabwezeretsa zonse mwakamodzi koma inapangidwira rauta yomweyo, makamaka ili pa RouterOS ya nambala yomweyo. Lamulo lakuti /export file=salima limapanga fayilo yothera ndi .rsc, imene ndi malemba wamba oti mungawerenge mzere ndi mzere ndi kuwagwiritsa ntchito pokonza rauta ina, ngati yakaleyo yafa. Dziwani kuti pa RouterOS 7 export imabisa mapasiwedi pokhapokha mutaonjezera mawu akuti show-sensitive. Zimenezi zimapweteka makamaka amene intaneti yawo imalowa kudzera pa PPPoE, njira yolumikizira imene imafuna dzina ndi pasiwedi, chifukwa dzina ndi pasiwedi zimene anapatsidwa ndi kampani yogulitsa intaneti nthawi zambiri palibe amazikumbukira, ndipo pepala lake linatayika kalekale. Mafayilo awiriwo akokereni kuchokera mu Files kupita pa laputopu. Kuwasiya m'rauta momwemo n'chimodzimodzi kusunga kiyi wachiwiri m'nyumba imene mwaikhoma.

Ngati rauta ili pa intaneti, njira yapafupi ndi kupita pa System, kenako Packages, ndi kudina Check For Updates. Pamenepo mudzasankha Channel. Kwa ofesi kapena bizinesi, sankhani long-term kapena stable. Testing ndi development ndi za anthu oyesa zinthu, osati za malo amene makasitomala akudikira kulipira pa intaneti. Werengani mndandanda wa zosintha umene umaoneka pawindo lomwelo, ngakhale uli wautali ndi wotopetsa, kuti muone ngati mwatchulidwa chinthu chimene inu mumadalira monga Hotspot kapena Queues. Mukakhutira dinani Download&Install. Rauta idzatsitsa fayilo, idzazima yokha, ndipo Winbox idzaduka. Apa mtima umagunda, ndipo ambiri amalakwitsa pozula chingwe cha magetsi poganiza kuti yaima. Ipatseni mphindi zisanu manja ali m'thumba.

Kuchoka pa RouterOS 6 kupita pa 7 kumafuna kudekha koposa. RouterOS 7 inatuluka ngati stable kumapeto kwa 2021, ndipo inasintha kwambiri gawo la routing, losankha njira imene deta idutse, kotero amene akugwiritsa ntchito OSPF, BGP kapena routing filters ayenera kufananiza masetingi atsopano ndi fayilo ya .rsc ija akamaliza. Musalumphe kuchokera pa nambala yakale kwambiri: yambani mwafika pa 6.49, kenako musankhe Channel yotchedwa upgrade kuti mulowe mu 7. Palinso mlatho wina pa 7.12. Kuyambira pa 7.13 gawo loyendetsa Wi-Fi linachotsedwa m'fayilo yaikulu n'kukhala phukusi lapadera, ndipo rauta imadzikonzera yokha phukusilo ikadutsira pa 7.12. Mwa maganizo anga, hAP lite imene ili ndi RAM ya 32 MB yokha ndi bwino kuisiya pa 6.49 ngati ikugwira ntchito yake mosavuta, chifukwa RouterOS 7 imaipanikiza.

Kumene intaneti ndi yofooka kapena bandulo ndi yowerengera, tsitsiranitu fayilo yothera ndi .npk pa tsamba la MikroTik muli pamalo a netiweki yabwino, mutasankha mtundu wa purosesa umene munalemba papepala paja. Ikokereni m'windo la Files, isalowe m'foda iliyonse, dikirani ithe kukopedwa yonse, kenako dinani System ndi Reboot. Fayilo imodzi ikhoza kutumikira marauta onse a purosesa yofanana, zimene zimapulumutsa ndalama pa malo amene ali ndi marauta angapo. Ngati mukuika 7.13 kapena yoposerapo mwa njira imeneyi, kokeraniponso phukusi la Wi-Fi la rauta yanu la nambala yomweyo, apo ayi idzadzuka ilibe Wi-Fi ndipo alendo adzakupezani musanatuluke pachipata.

Rauta ikadzuka ntchito sinathe, pakuti pansi pa RouterOS pali pulogalamu ina yaing'ono yotchedwa RouterBOOT, imene imadzutsa makina RouterOS isanayambe, ndipo iyi siisintha yokha pa masetingi a ku fakitale. Pitani pa System, kenako RouterBOARD, mufananize Current Firmware ndi Upgrade Firmware. Zikasiyana dinani Upgrade ndi kuchitanso Reboot. Mukatero yang'anani mu Log ngati muli mizere yofiira, tsegulani tsamba lililonse pa laputopu, ndipo lumikizani foni ku Wi-Fi. Ngati rauta inakhala nthawi yaitali pa nambala yakale kuposa 6.42.1, sinthani mapasiwedi onse, ndipo muyang'ane mu System Users, mu Scheduler ndi mu IP Socks ngati muli zinthu zimene simunaike inu, chifukwa pulogalamu yatsopano imatseka chitseko koma siichotsa zimene wakuba anasiya m'kati.

Zikavuta ndipo mukufuna kubwerera m'mbuyo, ikani fayilo ya .npk yakale mu Files ndi kulemba /system package downgrade, podziwa kuti rauta siingatsike kupitirira nambala imene inabwera nayo kuchokera ku fakitale. Ikakana kudzuka n'komwe, yankho ndi Netinstall, pulogalamu yaulere ya MikroTik yoika RouterOS kuchokera pa kompyuta. Pa marauta ambiri chingwe chimalowa pa ether1, poti yoyamba ya chingwe cha netiweki, mumagwira batani la reset poyatsa mpaka rauta itaonekera m'windo la Netinstall, kenako mumasankha fayilo ndi kudina Install. Zimitsani Wi-Fi ndi firewall pa laputopu musanayambe, apo ayi rauta siioneka. Netinstall imafufuta zonse zimene zinali m'rauta, ndipo ikamaliza mumabwezeretsa masetingi kuchokera pa mafayilo awiri aja ali pa laputopu.